A Jeki ndi kona ya madala

M'dera lathu amangodziwika kuti a Jeki. Kale ankagwira ntchito m'galaja, ndipo galajayo itatsekedwa anatsala ndi jeki yokwezera malole. Ndiyo amadyera mpaka lero, kukweza makonde ndi njira za simenti zimene zatitimira. Amakumba m'mbali, kulowetsa jeki, kupopa pang'onopang'ono kuti simenti isang'aluke, kenaka n'kutsendera miyala kunsi kwake. Salankhula zambiri. Levulo yoyezera kuwongoka kwa simenti amaiyang'ana ngati ili ndi mlandu.

Chaka chatha anaitanidwa ndi namwino wina amene amakhala ndi bambo ake osaona. Kuseri kwa nyumba yawo kuli njira ya masilabu a simenti yopita kumpopi, ndipo pakati pake pamapatuka kanjira ka kuchimbudzi. Silabu ya popatukirapo inali italowa pansi mbali imodzi. Namwinoyo ankaopa kuti tsiku lina bambo ake adzapunthwa iye ali kuntchito.

A Jeki anaikweza, naisalaza bwino lomwe, moti ngakhale chala sichikanamva polumikizira.

M'mawa mwake, atabwera kudzatenga wilibala, anapeza madala aja ali pakhonde, nsalu yonyowa ili pamphumi. Anali atapitirira pokhota n'kukagunda mzati wa chingwe choyanikira zovala.

"Amisiri, ndinu? Mwandibera kona yanga," anatero madalawo.

"Ine ndangowongola, bambo."

"Mwawongoladi, sindikukana. Koma phazi likatsika pajapa ndimadziwa kuti ndikhote. Lero ndangopita ngati basi yopanda mabuleki."

Namwino ananena kuti kuyambira tsikulo aziwaperekeza yekha, ndipo iye akachoka aziwasiyira chidebe kuchipinda.

"Chidebe? Ine?" Madala anachotsa nsalu pamphumi. "Maso anatha kalekale, mwanangu, koma kumeneko sindinagwidwepo dzanja."

A Jeki anapita pakhomo lakumbuyo, natsinzina, n'kuyenda njira yonse manja ali kutsogolo. Anakatsegula maso atafika pampopi, nsapato zili m'matope.

Kuibwezera pansi silabu sakanatha, chifukwa mantha a namwino anali omveka. Anatulutsa tchizulo ndi hamala, nagwada pantchito yawo ya dzulo, n'kuyamba kuitema mizere yopingasa, yakuya pang'ono. Nkhope yawo inali ngati akudzizula dzino.

"Tayesani, bambo."

Madala anabwera ndi ndodo, napukusa phazi pamizerepo.

"Iyi ndi ya ana. Ine ndimavala masilipasi, amisiri, kuzitsani."

Anakuzitsa. Madala anabwerera pakhomo kukayambiranso. Namwino anatambasula dzanja, kenaka analipinda. Ndodo inagogoda, phazi linafika pamizere, linaima, ndipo munthu wamkulu anakhota n'kukapeza chitseko cha chimbudzi yekha.

"Mukudikira chiyani pamenepo?" anafuula ali m'kati. "Mulibe zochita?"