Helikopita Itasasula Denga la Chikuta

Senderani kuno, adzukulu anga. Iwe wakukhomo, siya kusewera ndi chitseko, dzakhale apa pafupi ndi mwendo wanga, chifukwa mawu anga masiku ano safika patali.

Nthawi ya chipani chimodzi tinkakhala pa Dedza boma, kuseri kwa bwalo la mpira, m'tinyumba taudzu tothithikana moti mnzako akamakazinga chimanga fungo linkalowa kwa iwe. Amuna anga anali atamwalira kale. Ine ndinkagulitsa kachewere pamsika. Kuseri kwa nyumba yanga kunali kanyumba ka mwana wanga wamkazi ndi amuna ake, omwe ankacheka matabwa m'nkhalango ya paini kuphiri. Akamwini angawo anali munthu wa mapewa otakata, wosayankhulayankhula. Ine ndi iwo sitinkayang'anana kumaso, poti ndi apongozi. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira kutchire, ine n'kugwada kuyang'ana kumbali. Mawu athu onse ankadzera mwa mwana wanga.

Chaka chimenecho, m'nyengo yachisanu, mwana wanga anachira khanda lalimuna, ndipo tinawatsekera m'chikuta. Inu obadwira kuchipatala simukuchidziwa chikuta. Mayi ndi khanda amakhala m'nyumba osatuluka mpaka mchombo utagwa. Mwamuna salowamo, ngakhale bambo ake a mwanayo, chifukwa khanda limakhala lozizira, ndipo munthu wotentha akaliyandikira limatupa n'kupita. Kutchalitchi tinkapita ndithu, kolona tinkapemphera, koma za chikuta panalibe wotsutsa.

Masiku omwewo kunamveka kuti mwini dziko akubwera kudzachititsa msonkhano pabwalo lija. Asilikali anayamba kubwera ndi helikopita kudzayesa potera. Ana inu, chinthu chimenecho sichilira ngati ndege zodutsa kumwambazi. Chimayambira kuseri kwa phiri, gudugudu, kenako phaphapha, ndipo phokoso lake sulimvera m'makutu mokha, limakulowa m'chifuwa ndi m'mano. Chinkadutsa pamwamba pa madenga athu penipeni, moti tinkaona nsapato za msilikali wokhala pakhomo pake. Nkhuku zinasiya kuikira. Ufa woyanika pamphasa unkauluka wonse. Agogo ena a nyumba yoyandikana nafe ankalowa kunsi kwa bedi ndi kolona wawo. Koma kudandaula kunalibe. Chikamadutsa unkayenera kukweza dzanja ndi kululutira, ufa wako uli m'malere.

Khanda lathu linkadzidzimuka, kulira mpaka kuda milomo, n'kukana bere. Bambo ake ankamva zonsezi ali kunja kwa khoma. Ankawaza nkhuni n'kuzisiya pakhomo la chikuta, kenako n'kuima pataliko akusisita m'mutu.

Tsiku la msonkhano, m'mamawa, anyamata a chipani anayamba kuyenda khomo ndi khomo ndi zibonga, kutulutsa anthu kuti apite kubwalo. Mkulu wawo anali mwana wa mnzanga wa pamsika, munthu amene ndinamuona akukwawa.

"Mayi, m'nyumba umo muli ndani? Akazi onse akavine!"

"Ndi chikuta chimenecho, mwanawe. Mchombo sunagwe. Ukufuna ulowe? Lowa, ukawauze amako kuti unalowa."

Anabwerera m'mbuyo ngati waponda phulusa lamoto. Anzake anamuseka. Zibonga anali nazo, koma panalibe mmodzi wofuna kusenza imfa ya khanda la eni.

Asanafike patali, helikopita inatulukira. Tsiku limenelo inatsika kuposa masiku onse. Fumbi linada ngati utsi, ndipo ndinaona denga la chikuta likunyamuka, udzu kubalalika, mapaso kutsala pamtunda. M'katimo mwana wanga anakuwa. Akamwini anga anali ndi chikuni m'manja. Anachigenda kumwamba ndi mphamvu zawo zonse.

"Chokani! Mukundiphera mwana, afiti inu!"

Chikunicho sichinafike kulikonse. Chinakagwera m'khola la nkhumba la eni. Koma anyamata aja anaona.

"Wagenda ndege ya boma! Chigawenga icho! Gwirani!"

Ankabwera chothamanga m'kanjira ka pakati pa nyumba. Kothawira kunalibe, kumbuyo kunali mpanda, kutsogolo iwowo. Malo amene sakanalowa anali amodzi okha. Ndinadumpha, ine amene chikwatirire mwana wanga sindinawayang'anepo kumaso, n'kuwagwira dzanja akamwini anga.

"Apongozi, lowani m'chikuta! Salowamo awa!"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana dzanja langa pamkono pawo.

"Amayi, mchombo sunagwe."

"Ndikuvomera ndine! Lowani!"

"Inu mukuvomera. Nanga mwanayo akatupa?"

Anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono, mwaulemu, n'kuyenda kuchoka pakhomo lija kukaima pakati pa bwalo la pakhomo pathu, kuti chipwirikiti chisagwere m'nyumba. Anaika manja kumbuyo.

Chibonga choyamba chinawapeza pakhutu. Chachiwiri pabondo, ndipo anagwa. Kenako sindinathenso kusiyanitsa, zinkangotsika ngati akupuntha mapira. Mkulu wawo uja anawaponda pakhosi ndi nsapato.

"Genda tsopano, ngwazi ya matabwa! Ndegeyo iyo, genda!"

Wina anatola nkhwangwa yawo yomwe n'kuwamenya ndi mpini pamkono wamanja. Ndinaona mkono ukupindika pamalo posapindika. Helikopita inali ikuzungulirabe pamwamba pathu kufuna potera, ndiye kukuwa kwawo sindinakumve. Ndinangoona kamwa ili yasa, magazi akusakanikirana ndi fumbi, udzu wa denga ukuwagwera pamsana.

Kumbuyo kwanga chitseko chinayamba kugwedezeka. Mwana wanga ankafuna kutuluka ndi khanda m'manja. Ndinagwira chingwe cha chitseko ndi manja awiri, phazi n'kutsamiritsa pakhoma.

"Amayi, nditsekulireni! Akuwapha!"

"Khala momwemo! Akufera khanda limenelo, ukalitaye?"

Iye kukoka m'kati, ine kukoka kunja, chingwe n'kundicheka zikhatho. Mnyamata wina anamva kuti ndikuyankhula, anabwera n'kundimenya chibonga pakamwa. Ndinalavula mano awiri pansi, koma chingwe sindinasiye. Iyenso chitsekocho sanachikhudze.

Anyamata aja atatopa, anawagwira miyendo akamwini anga n'kuwakoka kupita nawo kumsewu, mutu ukugunda miyala. Kumeneko kunali galimoto. Anawaponyamo ngati thumba la kachewere.

Mkulu wawo anabwerera akupukuta thukuta.

"Inu mayi, mukudikira chiyani? Kubwalo!"

"Ndi kamwa imeneyi?"

"Mukavina ndi kamwa? Miyendo muli nayo."

Agogo a kunsi kwa bedi aja anatuluka n'kunena kuti chikuta alondera ndi iwo. Amayi ena anathamanga ndi mphasa ndi zitenje, tinaponya pamwamba pa mapaso kuti dzuwa ndi mphepo zisaone khanda. Kenako ndinatsuka kukamwa, ndinavala nsalu ya chipani, ndinapita. Ndinavina, ana inu. Ndinaimba nyimbo zoyamika ndikumeza magazi. Helikopita ya mwini dziko itatera, ndinalulutira pamodzi ndi anzanga, ndipo mayi amene anali pafupi nane anandigwira m'chiuno kuti ndisagwe.

Mchombo unagwa sabata lisanathe. Tinameta khanda, tinalitulutsa, koma bambo woti alilandire panalibe. Kupolisi anatiuza kuti munthu wotere sakumudziwa, ndipo tikapitiriza kufunsa tikamupeza komweko.

Mwana wanga anadikira. Amuna ena anabwera kudzafunsira, iye n'kuwabweza. Ankaphika zitumbuwa pamsika, ndipo mpaka lero akamva ndege amasiya chilichonse chimene wagwira n'kukhala pansi. Agogo aja anamwalira mvula yotsatira isanagwe. Mkulu wa anyamata uja, zipani zitachuluka, anavula malaya a chipani n'kuyamba kugulitsa tomato pa Chimbiya. Akandiona amagwada, "Mwaswera bwanji, amayi?" Ndimayankha, poti moni sakana, koma tomato wake sindigula. Ine mano aja sanamerenso, n'chifukwa chake chimanga chokazinga ndimakupatsani inu.

Akamwini anga anabwera patapita zaka, tonse titataya mtima. Anatsika basi ali woonda, khutu limodzi logontha, mkono wamanja wouma ngati chikuni. Sowo yochekera matabwa sanaigwirenso. Za kumene anali sanauzepo munthu, ndipo sanakhalitse, chifuwa chinawatenga. Tsiku limene anafika, mwana wawo anali pabwalo akuthamangitsa nkhuku, wamiyendo yolimba, masaya ali phwii. Sanawadziwe, anathawira kumbuyo kwa amake. Iwo anakhala pansi pafumbi n'kumuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kumbali, monga mwa apongozi, n'kufunsa khoma kuti ine ndimve.

"Sanatupe?"

Ndinati sanatupe. Mwana ameneyo ndi achimwene anu aakulu oyendetsa minibasi aja.