Mbuzi ya ku Namwera

Izi ndinali ndisanauzepo munthu. Sabata yatha mdzukulu wanga Halima, amene amagwira ntchito pa loji ina ku Nkopola, anandionetsa chikwangwani cha pageti pawo. Ndinawerenga pang'onopang'ono, poti sukulu ndinayamba ndili ndi imvi kale: "Kumudzi".

"Alendo amalikonda dzinali, agogo," anatero. "Akuti kumudzi kulibe nkhawa."

Ine m'mphuno munangobwera fungo la khola lonyowa ndi mvula.

Kwathu ku Namwera, dzinja likafika tinkamangirira mbuzi pazikhomo kuti zisalowe m'minda. Tsiku lina yathu inalira kwambiri. Ndinaganiza kuti chingwe chikuipweteka, ndiye ndinaimasula. Inakadya chimanga chanthete m'munda wa eni ake. Bambo anakwapula mlongo wanga Asiyatu, poti ndiye anaimanga m'mawawo.

"Walahi baba, ndinamangitsa ine!" ankalumbira choncho akulira.

Ine ndinaima pomwepo, ndikutafuna mango osapsa, osanena kanthu.

Takalamba tonse, koma kulira kumeneko sikunandichoke m'makutu. Tsiku limene ndinawerenga chikwangwanicho ndinaona kuti mtendere umene alendo amaufuna kumudzi, inenso ndikhoza kuupeza, chifukwa Asiyatu akadali moyo.

M'mawa mwake ndinagula shuga ndi masamba a tiyi, n'kukwera minibasi ya ku Namwera kukamuuza kuti ndine ndinamasula mbuzi ija.