Chigumu cha Bamai Chanikanga

Mwachoma bwanji nonse. Ine kuno ku Chawama nalema.

Batate bakana futi kudya lelo. Bakuti bafuna chabe chigumu monga chamene bamai banali kupanga bakalibe kumwalila. Nasakaniza unga wa rola na nthochi zakupsa. Kungoika mu uvuni, malaiti yayenda. Nayasha mbaula, malasha pansi, yena pa chivinikilo cha poto.

Chapsa bwino. Batate banyemako kang'ono, banunkhiza, babweza pa mbale. Bakuti, "Cha amai ako chinali kununkhila masamba a nthochi."

Aka ni kachitatu kuchiphika wiki ino. Ba Tisa, ndimwe bakulu pa ise bana, masamba banali kuyaika bwanji? Ine bamai bakayamba kuphika ninali kuthawa, manje batate bayondela m'manja mwanga.