Nkhope za Mafoni Omira

Frackson anachoka kwawo ku Dedza kudzaperekera zakudya pa loji ina ya ku Kande, koma mbale zinkamupulumuka m'manja mpaka abwana anamupempha mwaulemu kuti akayese mwayi kwina. Chodabwitsa n'chakuti manja omwewo akagwira foni sanjenjemera. Ndiye anaika tebulo pakhonde la golosale pa Chintheche, n'kukhala wokonza mafoni. Chitonga amadziwa cha moni ndi chotukwana basi, komabe achinyamata anamukonda, poti sikirini imene ku Mzuzu amasintha pamtengo wa mbuzi, iye ankasintha pamtengo wa nkhuku.

Chinsinsi chinali m'katoni ya pansi pa tebulo. Mafoni a asodzi sachedwa kugwera m'madzi, ndipo Frackson ankawagula, kuwayanika padenga ngati usipa, kenako n'kuwachotsa masikirini.

"Foni ikamira imafa mtima," ankatero, "koma nkhope imatsala."

Sankafunsa kuti foniyo inali ya yani. Ku Dedza foni imagwa yokha. Sanaganizepo kuti kuno nthawi zina imagwa ndi mwini wake.

Jackie, mtsikana wochapa zovala ku loji komwe kuja, anakhalira foni yake mu minibasi. Frackson anamuikira sikirini ya m'katoni, yabwinobwino, kupatula kachipsera pakona. Sabata isanathe Jackie anabwera nkhope ili gwa.

"Achimwene, foni yanu ija ikuimba yokha."

"Ikuimbira ndani? Chibwenzi?"

"Musaseke. Ikuimbira anti Bessie. M'mamawa uliwonse, ine ndili m'tulo."

Frackson anafotokoza kuti sikirini yolowa madzi imadzidina yokha kukachita chinyezi, ndipo dzina loyamba m'fonimo ndi limene limavutika. Anaipukuta, naibweza. Jackie sanasunthe.

"Amuna awo, a Enos, anamira ku Bandawe mwezi watha. M'mamawa ndiye nthawi imene ankaimba kuti abwere ndi beseni kudooko. Anti akayankha, kulibe mawu. Amangomva phokoso ngati la madzi."

"Netiweki imeneyo," anatero Frackson, koma mawu anatuluka opyapyala. Anakumbukira mwamuna amene anamugulitsa foni imene anachotsako sikiriniyo, mmene ankayang'anira uku ndi uku, ndi mmene anachokera osatsutsa mtengo. Mtonga wosatsutsa mtengo! Pamenepo pokha akanadzidzimuka.

Nkhani inayenda msika wonse tsiku lisanapendeke. Amayi a nsomba anawonjezera kuti foniyo imanunkha nyanja. Kondakitala wina analumbira kuti anaimva ikutsokomola. Achinyamata amene ankadzaza pakhonde paja anayamba kudutsa tsidya lina la msewu, mafoni atawagwira ndi zala ziwiri. Frackson anaona kuti tebulo lake latsala pang'ono kusanduka nkhuni.

M'mawa mwake mayi Bessie anafika atavala zakuda, Jackie ali pambuyo. Frackson anaimirira, akuyembekeza kukalipiridwa, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Iwo anangotenga foniyo, n'kupapasa kachipsera kaja ndi chala.

"Nyali ya usipa inawotcha apa," anatero motsitsa mawu. "Ndinawauza kuti asamaike foni pafupi ndi nyali. Samamva."

"Ama, pepani, ine sindinadziwe."

"Katundu wa malemu sitinagawe, ada. Malaya awo ali pa chingwe pomwe anawasiya, sitinakhudze ngakhale chipewa. Foni yokha ndi imene inasowa m'bwato. Inu mwatenga nkhope yawo mwapatsa mwana. Ndiye mukudabwa kuti akundifuna?"

Frackson anakhalanso pampando wake. Anatenga sikuludiraiva. Kwa nthawi yoyamba manja ake ananjenjemera pa foni monga ankachitira pa mbale. Iye atamatula sikiriniyo, mayi aja anaikulunga pansonga ya chitenje, naimanga mfundo.

Akanapita pamenepo, mwina Frackson akanapulumuka. Koma maso awo anagwera pa katoni ija.

"Nanga enawo ndi a yani?"

Funso limenelo analimva aliyense, poti pakhonde panali patadzaza anthu amene ankati akudikira minibasi. Mtsikana wina anabwera n'kuika foni yake patebulo. "Chotsani," anatero. "Bola yosweka ija." Wachiwiri anaika yake, wachitatunso. Tsiku lonse Frackson anakhala akumatula ntchito ya manja ake, masikirini akuunjikana patebulo, akuda bii, onse atayang'ana kumwamba.

Masiku ano mukadutsa pa Chintheche mumupeza pakhonde pomwepo akugulitsa matchaja ndi zikwama za foni. Katoni ija anakaikwirira kuseri kwa msika. Foni yake yokha ndi imene sanaimatule, ngakhale nayo nkhope yake inachokera momwemo. Nayo ikayamba kuwala yokha, iye amati ndi chinyezi chabe, ndipo amanena mokweza. Koma a golosale akuti ikangowala m'thumba m'mamawa, Frackson saitulutsa. Amaigwira ndi dzanja kunja kwa thalauza, maso ali kumsewu, mpaka izime.