Mwendo umene ndinauthowa nditachokera ku Lisbon

Chizindikiro choyamba chinali nsapato. Lachiwiri m'mawa, patangopita masiku awiri chibwerereni ku Lisbon, nsapato yakumanzere inakana kulowa. Katumba wa mwendowo anali wolimba ndi wotentha, ndipo ndikaponda pansi ankakoka.

Sindinade nkhawa. Ndine mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndimagwira ntchito ya muofesi ku Silicon Oasis, ndipo kuno ku Dubai munthu sayenda pansi. Ulendowu ndinaukonzekera chaka chathunthu, ndikuzungulira m'mashopu a ku Festival City Loweruka lililonse kuti miyendo izolowere. Koma Lisbon ndi mzinda wa zitunda. Masiku asanu ndi limodzi ndinakwera misewu yamiyala, kuona matchalitchi akalekale ndi nyumba zokutidwa ndi matailosi. Ndiye ndinati mwendo ukungodandaula, ndi ufulu wake. Ndinachita zimene tinaphunzira kwathu ku Ntcheu: madzi otentha, kansalu, kuthowa, kenako kutikita ndi mafuta.

Amene anandipulumutsa ndi Mayi Filomena, namwino wopuma pantchito, kwawo ku Angonia ku Mozambique. Tinadziwana ku Lisbon komweko, kumene amakhala, musitima yamumsewu atandimva ndikulankhula Chichewa pafoni. Masiku atatu anandiyendetsa mumzindawo ngati m'bale wawo. Linga lakale la pamwamba pa phiri lokha sitinalifike chifukwa cha mvula, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzabweranso.

Lachinayi ndinawatumizira chithunzi cha mwendo, n'kulemba mwanthabwala kuti aone zimene zitunda zawo zandichita. Sanaseke. Anaimba foni nthawi yomweyo.

"Achemwali, mundege munadzukako kangati?"

Sindinadzuke n'kamodzi komwe. Ndinakhala kuwindo maola pafupifupi asanu ndi atatu, ndikuchita manyazi kudzutsa anthu awiri amene anagona pambali panga.

"Musauthowenso, musautikitenso. Pitani kuchipatala lero lomwe."

Ndinanyinyirika chifukwa masana ndinali ndi msonkhano, koma ndinapita kuchipatala china cha kufupi ndi Mirdif. Namwino anayeza miyendo yonse iwiri ndi tepi, ananditenga magazi, n'kundiuza kuti ndidikire. Ndinadikira maola atatu ndisanaunikidwe. Dokotala analankhula modekha. "Magazi aundana mumtsempha. Chibulumwacho chikanathothoka n'kukafika kumapapo, tikanakamba zina. Kutikita kuja kunali koopsa."

Ndinachita mantha kwambiri. Masiku awiri onse ndinali kukankha imfa ndi zala zanga, ndikuyesa ndikudzisamalira.

Anandigoneka masiku awiri kuti aonenso chifuwa, ndipo mapapo anapezeka ali bwino. M'mawa ndi madzulo ankandibaya jakisoni pamimba. Namwino wina wa ku Zambia sankandilola kudzimvera chisoni. "Yalla, tiyeni amai, nyamukani muyendeko. Bedi si mankhwala." Tsiku loyamba ndinafika pakhomo la chipinda basi. Lachiwiri lake ndinayenda mpaka kumapeto kwa khonde n'kubwerera ndekha.

Nditatuluka ndinamwa mapiritsi osungunula magazi kwa miyezi itatu, osadumpha tsiku. Ndinavalanso masokosi othina ofika m'maondo, pa kutentha kwa kuno, anzanga akuofesi akundiseka kuti ndalowa timu ya mpira. Ndinabwerera ku Festival City, poyamba mphindi khumi, kenako theka la ola. Mayi Filomena ankaimba Lamlungu lililonse kufunsa ngati ndayenda, ndipo kuwanamiza sikunkatheka.

Atandiunikanso, dokotala anati mtsempha watseguka. Lero ndili bwino. Mwendo umatupa pang'ono ndikakhalitsa pampando, choncho ola lililonse ndimaimirira, kaya msonkhano uli mkati.

Anzanga amene mumayenda maulendo ataliatali, mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kuwawa, musauthowe ndipo musadikire kuti muone mawa. Pitani kuchipatala. Mundege imwani madzi, dzukani muyendeko, ndipo wogona pambali panu mudzutseni. Akakwiya, akwiye.

Ena akuti pa msinkhu wanga ndingokhala pansi. Ine dokotala wandilola, ndipo tikiti ya ku Lisbon ndagula kale, mpando wa m'mbali mwa kanjira. Mayi Filomena akuti linga lija silinasunthe, ndipo ndikalikwera ndi mwendo womwewu.