Masamba a mpesa a Garifalia

Garifalia ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anakwatiwa ndi Lefteri wometa anthu. Ukwati utangotha, apongozi ake anamuikira patebulo mbale ya mpunga wosakaniza ndi anyezi, mulu wa masamba a mpesa, ndi sipuni imodzi. Lamulo la nyumba imeneyo linali lakuti madolima, timpunga tokulunga m'tsamba, azikwana atatu m'sipuni. Mtengwa wokulunga zazikulu ngati chala cha kuphazi ankati waleredwa ndi mbuzi. Garifalia anakulunga, ndipo m'sipuni muja munakwana anayi. Apongoziwo sanayamike, anangochotsapo sipuniyo. Koma Stamatia, mlongo wake wa Lefteri, amene ankaonerera atatsamira chitseko, anatuluka akutsonya. Chidani cha alamu awiriwa chinayambira pomwepo.

Kuyambira apo moyo wa Garifalia unayendera masamba. Mwezi wa Meyi ankalawirira kumunda wa mpesa mame asanakamuke, n'kumathyola tsamba lachitatu kuchokera kunsonga, lanthete, losapitirira chikhatho cha mwana. Ena ankaphika, ena n'kuwapinda m'mabotolo a madzi amchere kusungira nyengo yozizira. Paukwati, paubatizo, ngakhale pamaliro, anthu a m'mudzimo ankayamba afunsa ngati mphika wa Garifalia wafika. Stamatia yekha ankatola dolima mmodzi, kumutembenuza uku ndi uku ngati akugula nsalu, n'kunena kuti mchere wachepa. Zaka makumi anayi, mchere wake unali wochepabe.

Kenaka inabwera nyamakazi. Zala za dzanja lamanja zinatupa m'mfundo n'kupindika, moti batani la malaya linkamutengera nthawi. Sanauze munthu. Ankabisa dzanjalo m'thumba la epuloni, ndipo amene anazindikira anali Argiro yekha, mkazi wa mwana wake, namwino wa mumzinda wa Atene amene sankatha kukhala pansi ngakhale mphindi zisanu.

M'mwezi wa Disembala linafika tsiku la woyera mtima amene Lefteri anatengera dzina lake. Patsiku lotere khomo silitsekedwa, aliyense amalowa osaitanidwa, ndipo amayembekezera kudya. Inalinso nyengo yosala nyama, ndiye kuti tebulo lonse linkadalira madolima. Dzulo lake Garifalia anayesa kukulunga. Anatha asanu ndi awiri okha, onenepa, okhota, ena mpunga ukusuzumira kunja. Anawaponyera nkhuku. M'mawa anapita kutchalitchi atasiya mabotolo atatu otsiriza patebulo, akudzinamiza kuti Mulungu amasula zala zija pobwerera.

Pobwerera anamva phokoso asanalowe m'khitchini. Go, go, go, mpeni pathabwa. Argiro anali atatsanula mabotolo onse atatu, waunjika masamba aja ngati fodya, ndipo ankawaduladula mosaopa Mulungu.

"Mayo ine! Iwe mtsikana, ukuchita chiyani?"

"Mwabwera, Amayi? Khalani pansi. Theka la ola basi, zikhala zitapsa."

"Zipsa chiyani? Masamba anga amenewo! Ndinathyola limodzilimodzi, msana uwu!"

"Ndikudziwa, Amayi, ndi abwino zedi. Tingokazinga anyezi, kuthira mpunga, masamba, katsabola, madzi, kenaka ndimu. Zonse zija mumakulunga zilimo. Kuntchito timaphika chonchi tonse."

"Kuntchito kwanu mumadyetsa odwala oti sangathawe."

Argiro anaseka, osasiya kudula. Kenaka anayang'ana thumba la epuloni n'kutsitsa mawu. "Alendo afika posachedwa. Mukanakulunga ndi chiyani, Amayi?"

Funsoli linamupsetsa mtima Garifalia koposa. Anakhala pampando n'kumaonerera chonyansacho. Masamba amene iye ankawayala mbali yosalala pansi, kudula kaphesi ndi chikhadabo, kupinda uku ndi uku ngati akufunditsa khanda, tsopano ankasambira m'poto ali nyenyeswa. Mpunga unasanduka wobiriwira moderako. Argiro ankavundula ndi mthiko uku akuyankha foni, ndipo zinthu zija zinkalira phwatha phwatha ngati matope a m'khola. Fungo lokha ndilo linali lachipongwe, chifukwa linali lenileni la madolima ake.

Alendo anayamba kulowa, aliyense akupsompsona Lefteri m'masaya ndi kumufunira zaka zambiri. Anabwera anzake a kometera, abambo a tchalitchi, oyandikana nawo nyumba. Pomaliza analowa Stamatia, atavala zakuda zake za umasiye, maso ali kale patebulo. Garifalia anaimirira pafupi ndi khomo la khitchini, dzanja m'thumba, akudikira kuti dzina limene analimanga zaka makumi anayi ligwe pamaso pa mlamu wakeyo.

Argiro anaika mbale yaikulu pakati.

"Kodi madolima aphulika?" anafunsa wina, anthu n'kuseka.

"Ndi kaphikidwe kachangu," anatero Argiro. "Talawani kaye, muzinyoza pambuyo."

Lefteri ndiye anayamba, poti tsiku linali lake. Munthu ameneyu moyo wake wonse ankadya madolima ngati mtedza, asanu nthawi imodzi, maso ali pa nyuzipepala. Anatapa sipuni yodzaza, kutafuna, kutapanso. Mafuta anatsikira m'ndevu zake.

"Aa, komatu ndi zomwezija!" anatero mkamwa muli tho. "Iwe Garifalia, talawa. Palibe kusiyana ngakhale pang'ono. Nanga zaka zonsezi unkadzivutitsiranji? Bwenzi tikudya msanga masiku onse aja!"

Amuna aja anagwa nacho chiseko. Abambo a tchalitchi anapempha kuwonjezera. Wina anauza mkazi wake kuti afunse Argiro kaphikidwe kake, ndipo mkaziyo anatulutsadi pepala. Palibe amene anadandaula, palibe amene anasowa kanthu. Garifalia anayang'ana milomo yonyezimira ija ikutafuna, ndipo kunyansidwa kwake kunachoka pa poto n'kugwera pa anthuwo. Anali atakonzekera manyazi, koma izi zinali zoposa manyazi. Anali atakulungira anthuwa masamba osawerengeka, ndipo onsewo ankangomeza basi.

Stamatia yekha anali asanadye. Anatapa pang'ono kunsonga kwa sipuni, kununkhiza, kuika palilime. Nkhope yake inakwinyika ngati waluma ndimu yowola. Anakankha mbale ija mpaka inagunda tambula.

"Izi ndi za nkhumba," anatero mokweza.

"Achemwali, musayambe," anatero Lefteri.

"Iwe khala chete, ungadye ndi nsanza yomwe atakuthirira mafuta. Ukuti zomwezija? Dolima amafunika alimbe pa dzino, kenaka aphulike, msuzi utuluke m'kati. Wa mkazi wakoyu ukamuponya pansi sankamasuka. Ine ndayesa zaka makumi anayi kuti anayi akwane m'sipuni, mpaka lero ndimalekeza atatu. Ndiye ubwere iwe uziti phala ili ndi zomwezija? Tsukuluza mkamwa!"

Argiro anafiira makutu. Stamatia anadzuka, kutenga chikwama chake, n'kudutsa pakhomo la khitchini pamene panaima mlamu wake. Anayang'ana thumba la epuloni lija nthawi yaitali, ndipo Garifalia anadziwa kuti waona.

"Alamu, Meyi akafika mundiitane," anatero Stamatia monong'ona, nkhope ili gwa. "Inu muzikhala pampando n'kumalongolola, ine ndizikulunga. Koma mchere ndithira ndekha."

Anatuluka osatsazika. Kumbuyo kwake masipuni anayambanso kulira m'mbale, ndipo Lefteri anafunsa ngati m'poto mwatsalako. Garifalia analowa m'khitchini, kukhala pampando uja, n'kutulutsa dzanja lake m'thumba. Misozi inamutsika, ndipo chinamunyansa kwambiri n'chakuti inali yothokoza Stamatia.