Azakhali Atsuka Filimu ya ku Falansa Ngati Matumbo a Mbuzi

Usiku wathawu ndinalota zonyansa, mpaka pano malovu sakumezeka. Kwa amene simundidziwa, ntchito yanga ndi yolankhulira mafilimu m'Chichewa, aja amaonetsa m'mavidiyo shoo.

Ndinalota mzungu wina wokalamba wa ku Falansa atandipeza pakhomo pathu ku Ndirande, atanyamula chitini chadzimbiri. Akuti munali filimu yakalekale, ya nthawi imene anthu a m'kanema sankatulutsa mawu, ndipo oipanga anatenga nkhaniyo m'buku lotchuka kwawoko. Nkhani yake ndi ya mtsikana wosoka zovala amene akuchimuna anamukana. Akuti padziko lonse yatsala yomweyo basi, ndiye ndiikonze ndi kuipatsa mawu.

Nditatsegula chitinicho, fungo lake linali ngati viniga wosakaniza ndi usipa wowola. Tepi yake inali yonata, itachita nkhungu. Koma ndikaiyang'ana padzuwa ndinkamuona mtsikanayo pa kachithunzi kalikonse, akugwedeza milomo.

Kenako pakhomo pomwepo panali chinkhoswe, anthu ali mbwee. Azakhali anga a Nabanda, amene pamwambo uliwonse salola munthu wina kutsuka matumbo a mbuzi, anandilanda chitini chija. "Amuna mumadziwa chiyani za kutsuka? Bweretsa kuno, mwanangu." Anakhala pansi ndi beseni n'kuyamba kuikama tepi ija ndi zala kuyambira kunsonga, monga amachitira ndi matumbo. Zimene zinkatuluka, abale, ndi chiphalaphala chakuda, muli timaso ta anthu, tizipewa ndi timahatchi, ntchentche zitaunjikana. Mtima unandiwawa kwambiri, koma azakhali suwaletsa pagulu. Mzungu uja anangokhala pampando akudya chinangwa ngati si zake.

Ndiye azakhali atamaliza anaikulunga tepi ija bwinobwino ngati zopita mumphika, n'kundipatsa monyadira.

Kenako ndili mu vidiyo shoo yodzaza, maiki ili m'manja. Filimu inayamba, koma inali yoyera mbee, mulibe nyumba, mulibe munthu. Pakona panatsala milomo ya mtsikana uja yokha, ikutseguka ndi kutsekeka. Anthu anayamba kumenya mabenchi kuti ndiwauze zimene akunena. Ndinadziwa kuti ndikapanda kumulankhulira pomwepo, palibenso amene adzamve nkhani yake. Nditatsegula pakamwa, m'malo mwa mawu munadzaza madzi a m'beseni aja, owawasa, timaso tija tikuyendayenda palilime. Ndinawerama kuti ndilavule, ndipo podzutsa mutu milomo ija inali itazimiririka.

Ndinadzidzimuka ndikulavulira pilo, mkazi wanga akundigwedeza.

Tandimasulireni anzanga, maloto amenewa akutanthauza chiyani? Ndikufunsa chifukwa ine ndimadyera pakamwa pomwepa, ndipo kuyambira m'mawa ndayesa kulankhulira filimu imene anthu akuidikira Loweruka, koma ndikangogwira maiki nseru ikubwera, mawu osatuluka.